Ngati chikudontha, bwanji pansi pali pouma?

Ine galimoto sindiyendetsa. Ntchito yanga ndi ya pa kantemba m'mbali mwa msewu wa Katima Mulilo kuno ku Garden, kumene kukangocha makutu amadzaza ndi phokoso la magalainda, maso n'kumathobwa ndi moto wa owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Koma poti ndimakwera nawo Hilux yakale ya amalume, ana anganso amakwera, ndaona kuti kufunsa ndili nako ufulu. Chinthu chikamadontha, si paja pansi pamanyowa?

Galimotoyo inayamba kuvuta kuima. Amalume amanyamulira anthu mageti kupita nawo ku Chongwe, nthawi zina mpaka ku Nyimba ndi ku Petauke, ndipo ankadandaula kuti pedulo ya buleki yauma gwa. Akafika pa maloboti ankachita kunyamuka pampando, manja onse ali pachiwongolero, kuti thupi lonse lilemere pamwendo umodzi. Anagula mapadi atsopano, koma sizinasinthe. Anyamata ena anabulida mawilo onse anayi, botolo la mafuta a mabuleki n'kuthera m'dothi, galimoto ili chimodzimodzi. Kenako mdala wina amene amakonza magalimoto a dizilo pansi pa mtengo kuseri kwa kantemba kanga analowa, n'kuponda kangapo, n'kuliza injini, n'kutuluka.

"Ikudontha vakyumu iyi," anatero.

Ndinagwada n'kusuzumira kunsi. Fumbi lokhalokha, tizidutswa ta waya, ndi chitsekerero cha botolo. Dontho ngakhale limodzi panalibe.

"Amdala, nanga chikudonthacho chikugwera kuti?"

"Sichigwa, mlongo wanga. Chikudonthera m'kati."

Apa mutu wanga unaima. Madzi a m'ladiyeta amadonthera panja, oilo amadonthera panja, mpweya wa m'tayala umathawira panja. Ichi chokha ndiye chasankha njira yakeyake? Mdala uja anatsegula boneti n'kundilozera chinthu chakuda chozungulira, chomatidwa kukhoma loyang'anana ndi mapazi a dalaivala, kumbuyo kwa kabotolo ka mafuta a mabuleki. Anati imeneyo ndiye busita. M'kati mwake muli chimbale cha labala chimene chimagawa malowo kukhala zipinda ziwiri. Injini ikamalira, pampu imayamwa mpweya m'zipinda zonse ziwiri kudzera m'paipi yakuda yonenepa ngati chala. Dalaivala akaponda pedulo, kachitseko kamatseguka n'kulowetsa mpweya wapanja m'chipinda chakumbuyo chokha. Mpweyawo umakankha chimbale chija kupita kutsogolo kumene kulibe choubweza, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene imathandiza mwendo kufinya mafuta opita kumawilo. Paipi ikang'aluka, mpweya umalowera pang'alupo n'kudzaza chipinda chimene chinayenera kukhala chopanda kanthu. Mbali zonse ziwiri zikafanana, palibenso chokankha chinzake, ndipo dalaivala amatsala yekha ndi mwendo wake.

Ndiye kuti zaka zonsezi amene wakhala akuimitsa galimoto ya amalume si amalume? Ndi mpweya wa ku Garden, womwewu timautsinira mphuno mphepo ikamachokera kumadamu a zonyansa? Mdala anaseka n'kunena kuti busita sisankha fungo.

Koma mpweya ungakhale bwanji ndi mphamvu yoimitsa Hilux yodzaza zitsulo, pamene ine ndimaudutsa tsiku lililonse osamva kanthu? Apa anandithandiza ndi mwana wanga wa Giredi 11, amene analemba masamu ake kuseri kwa katoni ya sopo. Anati kumadera a m'mphepete mwa nyanja yamchere, mpweya umapsinja chilichonse ndi kulemera kwa pafupifupi kilogalamu imodzi pa kamalo kotalika sentimita imodzi mbali zonse. Sitimva chifukwa umatipsinja kunja ndi m'kati mofanana. Busita yotambalala masentimita 23 ili ndi timalo totero topitirira pang'ono 400. Pampu singachotse mpweya wonse, koma ikachotsa magawo 6 mwa 10, kusiyana kwa mbali ziwirizo kumafika pa makilogalamu pafupifupi 250. Amenewo ndi matumba khumi a ufa a makilogalamu 25, onse atasanjikidwa kuthandiza phazi limodzi. Nditamva zimenezo ndinasiya kuseka amalume chifukwa chonyamuka pampando.

Mwanayo anawonjezera china. Lusaka ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndiye mpweya wathu ndi wopepukirapo, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo 7 kapena 8. Galimoto yomweyo imene inatsika sitima ku Dar es Salaam kapena ku Durban ili ndi busita yamphamvu, ikakwera kuno imakhala itataya kale kachigawo ka chithandizo chake, paipi isanang'aluke n'komwe. Ikakhala yabwino simungazindikire. Nanga ikakhala kuti yakalamba, kam'ng'alu kawonjezera pamenepo?

Chinanso chinandizunguza. Ngati mdala anazindikira vuto asanagwire ngakhale sipanala, mapadi aja anagulidwiranji? Ndinamufunsa, ndipo anati mabuleki ofooka ali ndi zilankhulo zosiyana, zonse zimamvekera kuphazi. Pedulo ikakhala lobodo, kumira mofewa mpaka uyambe wapopa kuti igwire, ndiye kuti m'mafuta mwalowa mpweya kapena mafuta akuchepa, ndipo apo kubulida ndi kufufuza podontha penipeni n'koyenera. Ikakhala kuti waponda, yagwira, kenako ikumira yokha pang'onopang'ono phazi lili pomwepo, kaikirani malabala a m'masita silinda. Ikamalira chitsulo pa chitsulo kumawilo, amenewo ndi mapadi. Koma ikakhala m'mwamba, youma, yofuna mphamvu za munthu wolima, chithandizo ndicho chasowa, ndipo poyambira ndi paipi, valavu, pampu ndi busita.

"Nanga anyamata aja sanadziwe zimenezi?"

"Kaya. Ndani anawafunsa kuti pedulo ikumveka bwanji? Amalume ako anangoti mabuleki atha, iwo n'kutenga jeke."

Kayesedwe kake kanandichititsa manyazi chifukwa cha kuphweka, moti ndinakachita ndekha. Anandikhazika pampando wa dalaivala injini ili yozima. Anati ndiponde pedulo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mpaka iume, kuti vakyumu yotsala ithe. Kenako ndisiye phazi pomwepo, nditsindike pang'ono, iye n'kuliza injini. Galimoto yabwino, pedulo imatsika pang'ono yokha injini ikangolira, ngati wina wakuthandiza kuponda. Ya amalume sinasunthe. Ndinadikira, ndipo patapita kanthawi inatsika mwaulesi kwambiri. Kenako anandipititsa pa Land Cruiser ya munthu wina imene inabwera kudzasintha oilo, kuti ndimve kusiyana. Injini kungoti yalira, pedulo inandithawa kuphazi nthawi yomweyo.

Pali kuyesa kwachiwiri. Injini ilire kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, muizime, ndiye muponde pang'onopang'ono katatu. Koyamba pedulo iyenera kupita patali, kachiwiri kufupikirapo, kachitatu n'kuyamba kuuma. Zikatero busita ikusunga vakyumu. Ikauma koyamba komweko, pena pake pakulowa mpweya. Kwachitatu, muponde injini ikulira, muizime phazi lili pomwepo, mudikire masekondi 30. Pedulo ikayamba kukankha phazi kubwerera m'mwamba, busita ikudontha. Zonsezi sizifuna chida, sizifuna ngwee. N'chifukwa chiyani sitiphunzitsana zimenezi mmene timaphunzitsirana kuyang'ana oilo ndi madzi m'mawa?

Kudziwa kuti ikudontha ndi kwina, kupeza pamene ikudonthera ndi kwinanso. Mdala anati kam'ng'alu kamalira, kamachita fyuu pang'ono injini ikangozimitsidwa, koma pa Katima Mulilo ungamve bwanji kamluzu kotero magalainda anayi akulira mbali zonse? Tinadikira mpaka magetsi atazima. Msewu wonse unangoti zii, owotcherera n'kukhala pamageti awo kumasewera nsolo. Ndi nthawi yokhayo imene ndinaonapo munthu wa ku Garden akusangalala kuti magetsi apita. Anatenga kachidutswa ka paipi, mbali ina kukhutu, mbali ina n'kumayendetsa motsatira paipi ya vakyumu kuchokera pa busita kutsika mmunsi. Atafika pafupi ndi injini anaima.

Pamalopo panali pokulungidwa malegeni, ndipo malegeniwo anali atamatira fumbi ndi oilo mpaka kufanana ndi paipi yeniyeniyo. Atamasula, paipi inaoneka yabwinobwino. Koma ataipinda pang'ono ndi zala, kunsi kwake kunatseguka kamlomo kotalika ngati chikhadabo, m'mphepete mwake muli timing'alu tina tating'ono. Labala wa pamenepo anali wofewa, wotupa, wosiya zakuda m'manja, chifukwa oilo wa injini wakhala akudonthera pomwepo. Chakumtunda, kufupi ndi potentha, paipi yomweyo inali youma yoti n'kuthyoka. Amalume anayang'ana kumbali n'kunena kuti malegeniwo anaika ndi mwini galimoto woyamba.

Potsatira paipiyo ndi maso ndinaona kuti ikuthera kumbuyo kwa alitaneta. Alitaneta ndimaidziwa, ndi imene imatchaja batire. Ikufuna chiyani pa nkhani ya mabuleki? Mdala anati injini ya petulo imapanga vakyumu yokha, chifukwa pakhosi pake pali kachitseko kamene kamatsekereza mpweya, ndiye mapisitoni akamakoka, kuseri kwa kachitsekoko kumakhala koyamwa, ndipo busita imangolumikizidwa pamenepo. Ya dizilo yakale ilibe kachitseko kotero, imameza mpweya momasuka, choncho imafuna pampu yapadera. Pa injini za Toyota za 2L, 3L ndi 5L za mu Hilux, ndiponso pa 4D56 ya Pajero, pampuyo anaimangirira pa alitaneta, imazungulira ndi shafuti imodzi, ndipo imamwa oilo wa injini kudzera m'timapaipi take. Pa 1HZ, injini ya malita 4.2 imene inayamba kuikidwa mu Land Cruiser mu 1990, pampu imayendetsedwa ndi magiya a kutsogolo kwa injini. Pa Land Rover ya 300Tdi ili m'mbali mwa injini.

"Ndiye lamba wa alitaneta akaduka pa Hilux?"

"Nyali ya batire iyaka. Dalaivala aganiza kuti vuto ndi la magetsi, angoti ndikafika. Aponda kawiri katatu zili bwino, kenako pedulo gwa."

Zimenezi zinandiopsa kuposa kam'ng'alu kaja. Ndi madalaivala angati amene nyali ya batire ikayaka amakumbuka za mabuleki? Ngakhale lamba wongolefuka, uja amalira tswii m'mawa, akuti amachedwetsa pampu nayenso.

Pampu anaiyesa ndi chala. Anazula paipi pa busita injini ikulira n'kutseka kukamwa kwake ndi chala chachikulu. Pampu yamoyo imagwira chala mwamphamvu nthawi yomweyo, pochichotsa mpaka chimalira. Amene ali ndi geji amaona singano ikukwera msanga n'kukhazikika. Kenako anazula kavalavu kakang'ono kamene kamakhala panjira ya paipi, n'kukapukuta, n'kukapatsa ine kuti ndiuzire. Kuchokera mbali ya busita mpweya unadutsa. Kuchokera mbali ya pampu kanakana, masaya anga n'kutupa. Anati ndi mmene kayenera kukhalira. Ntchito yake ndi kutsekera vakyumu m'busita kuti injini ikazima mwadzidzidzi, dalaivala atsale ndi mapondedwe awiri kapena atatu a chithandizo. Kakamadutsitsa mpweya mbali zonse, n'kotaya.

Ndinafunsanso kuti n'chifukwa chiyani matendawa amakonda magalimoto a m'tchire, amene timawatama kuti ndi olimba. Yankho linali lakuti cholimba ndi chitsulo, labala amakalamba ngati wa galimoto ina iliyonse. Land Cruiser za mtundu wa 70 zinayamba kupangidwa mu 1984, ndipo zina zoyenda mu Lusaka zili ndi zaka zoposa 30, injini idakali yamphamvu, mapaipi ena ali omwe aja anachokera nawo ku Japan. Zayenda m'misewu ya mabampu yogwedeza chilichonse, paipi n'kumakhuzana ndi chitsulo. Zapuma fumbi la mwezi wa Okutobala, ndipo fumbilo limalowa nawo m'busita kudzera pa kasefa kamene kali kuseri kwa pedulo. Zawoloka mitsinje, ndipo kuno kwathu siuchita kupita kutali kukafuna mtsinje, mvula ya Januwale ikagwa misewu ya m'komboni imasanduka yomweyo. Komanso magalimoto amenewa ali ndi timapaipi tambiri ta vakyumu kuposa ena. Pa Pajero ndi pa Hilux Surf, vakyumu yomweyo ndi imene imalumikiza mawilo akutsogolo dalaivala akaika 4WD, ndipo timapaipi take timatsika mpaka kunsi kumene kuli matope ndi ziputu. Kamodzi kakazuka, kamaba vakyumu ya mabuleki mwakachetechete. Mdala anati wakumanapo ndi timapaipi totsekedwa ndi msomali, tina ndi bawuti, tina tongolendewera pululu. Kodi amene amazula kapaipi chifukwa sakudziwa ntchito yake, amadziwa kumene kanachokera?

Amalume, pofuna kupulumutsa ndalama, analoza paipi ya madzi yobiriwira imene inali pakantemba panga n'kufunsa ngati singakwane. Inenso ndinaona kuti paipi ndi paipi. Mdala anakana. Ya madzi anaipanga kuti ipirire kukankhidwa kuchokera m'kati, pamene ya vakyumu imafinyidwa kuchokera kunja, ndiye imakhala ndi khoma lochindikala ndi ulusi m'kati. Yofewa ikatenthedwa imaphwatalala n'kutseka njira, ndipo choipa chake n'chakuti m'mawa imagwira bwino, n'kudzakana masana galimoto ili pamtsetse. Anatuma mnyamata wake kukagula yoyenera pamodzi ndi makilampu awiri. Mtengo wake sunafike pa wa mapadi aja.

Asanatseke boneti anamasula manati awiri a masita silinda n'kuisuntha pang'ono kuti aone kuseri. Ndinadabwa, poti vuto linali litapezeka. Anati labala wakumbuyo kwa masita silinda akatha, mafuta a mabuleki amadonthera m'busita, osaoneka panja, n'kumadya chimbale chija. Chizindikiro chake ndi kabotolo kamene kamangofuna kuwonjezera koma pansi pali pouma, ndi penti wosupuka kunsi kwa busita. Woika busita ina osakonza masita silinda amadzaigulanso. Pa ya amalume panali pouma. Busita yong'ambika m'kati, akuti, imamveka kulira fyuu kumapazi ukaponda, ndipo pa galimoto ya petulo injini imanjenjemera kapena kuzima kumene pa maloboti, chifukwa yameza mpweya umene sinauyembekezere.

Funso limene ndinalisunga mpaka amalume atapita kukagula ndudu ndi ili. Pobwera ku Nyimba ndawaonapo akuzimitsa injini pamtsetse kuti asunge dizilo. Ngati pampu imayenda ndi injini, ndiye pamenepo chimayamwa mpweya n'chiyani? Mdala anangondiyang'ana. Anati palibe. Amatsala ndi mapondedwe ochepa aja osungidwa ndi kavalavu, ndipo ngati paipi ili ndi m'ng'alu, ngakhale amenewo palibe. Aliyense amene anayendapo pa Great East Road akudziwa mmene msewu umakhotakhotera m'mapiri a Manenekera potsikira ku mlatho wa Luangwa, kwina phiri, kwina phompho. A ku Chirundu akudziwa mtsetse wa Kapiringozi. Kodi dizilo wopulumuka pa mtsetse umodzi angakwane kapu ingati?

Anandiuzanso chinthu chimene ndikufuna dalaivala aliyense amve. Vakyumu ikatha, mabuleki sanathe. Ndodo yochokera pa pedulo imadutsa m'busita mpaka kukafika pa masita silinda, ndiye ukaponda ndi mphamvu zako zonse galimoto imaima ndithu, kungoti imafuna mtunda wautali. Choipa n'chakuti munthu akamva pedulo yauma amaganiza kuti zatha, n'kuchotsa phazi, kapena n'kuyamba kupopa, kumene kumangomaliza chithandizo chotsalacho. Choyenera ndi kuponda kamodzi mwamphamvu osasiya, kutsitsa magiya limodzilimodzi, ndi kukoka handibuleki pang'onopang'ono.

Mwana wanga anapeza pafoni kuti busita yoyendera vakyumu si yachilendo, injiniya wa ku Belgium, Albert Dewandre, anaipanga m'zaka za m'ma 1920. Zaka pafupifupi 100 chinthu chili pamagalimoto, ife tikuyambabe ndi kuchotsa mawilo? Mwina n'chifukwa chakuti mapadi amaoneka, amabwera m'katoni, ndipo munthu akalipira amaona chimene wagula. Ndikayang'ana pamsewu wathu ndimaona eni ma Land Cruiser ndi ma Patrol akale akuwotcheretsa zitsulo zolemera za kutsogolo, makeriya a padenga, makwerero, zonse zowonjezera katundu amene mabuleki ayenera kuimitsa. Sindinaonepo ndi mmodzi yemwe akubwera kudzanena kuti mundionereko paipi ya vakyumu. Amalume ali ndi pepala la fitinesi la RTSA pagalasi, ndipo amalinyadira, koma pepala limanena za tsiku limene galimoto inayesedwa. Labala amapitiriza kukalamba mawa lake.

Paipi yatsopano itaikidwa, ndinakhalanso pampando, n'kuponda mpaka kuuma, mdala n'kuliza injini. Pedulo inatsika nthawi yomweyo. Amalume anayesa pamsewu wafumbi wa kuseri, ndipo poti mwendo unali utazolowera kulimbana, anaponda mwa masiku onse mpaka geti imene inali kumbuyo inagunda kabini. Malegeni aja ndinawatola ine, ndimamangira matumba a makala.

Inu amene muli ndi Hilux, Pajero, Patrol, Land Cruiser kapena Land Rover yakale, mawa m'mawa musanakweze katundu ndi anthu, pondani buleki kasanu injini ili yozima, siyani phazi pomwepo, lizani injini. Pedulo ikapanda kutsika, musanyamuke ulendo wa ku Chipata. Yambani mwatsegula boneti n'kutsatira paipi yakudayo ndi zala kuchokera pa busita mpaka pamene yathera.